Zionetsero za mfuti ku America: Ngozi imatsata banja kunyumba

Chaka chilichonse, m'matauni ang'onoang'ono a m'dziko la America mumachitika zionetsero za mfuti zomwe zimasonkhanitsa mabanja athunthu. M'holo ya asilikali opuma pantchito kapena m'chinyumba cha pabwalo la zionetsero zaulimi mumayalidwa matebulo m'mizeremizere, kuyambira Loweruka m'mawa mpaka Lamulungu madzulo. Pamatebulopo pamakhala mfuti zazitali zosakira nyama, mfuti zazing'ono za m'manja, zipolopolo, mipeni, zovala zakale za asilikali, nyama yofutsa, ngakhale ndolo ndi mikanda.

Akuluakulu amalipira madola ochepa pakhomo, ndipo m'malo ambiri ana aang'ono amalowa ulere bola ali ndi makolo awo. Wobwera ndi mfuti yake amayamba waichotsa zipolopolo, kenako alonda amaimanga ndi kalamba wapulasitiki kuti isathe kuwomba. Kwa anthu a m'maderawa, tsikuli silisiyana kwenikweni ndi tsiku la msika: amakumana ndi anzawo, amanenerera mitengo, ndipo ana amabwerako atagwira mfuti m'manja koyamba.

Kwa zaka zoposa 25, andale a ku Washington akhala akukangana za tebulo la pachionetsero: ndani ayenera kugulitsapo mfuti, ndipo wogula afunsidwe chiyani. Mkanganowu ndi wofunika. Koma ziwerengero za boma la dzikolo zikuonetsa kuti kwa banja lomwe lapita kokaona ndi kugula, ngozi yaikulu imayamba pomwe mfuti yatsika m'galimoto n'kulowa m'nyumba.

Mwambo wozika mizu

Pofuna kumvetsa chifukwa chomwe bambo angatengere mwana wa zaka 10 kumalo otere, ndi bwino kuyamba ndi malamulo aakulu oyendetsera dzikolo. Ndime yachiwiri yoonjezera pa malamulowo, yomwe idavomerezedwa m'chaka cha 1791, imateteza ufulu wosunga ndi kunyamula zida. Mu 2008, pa mlandu wa Heller, khoti lalikulu la Supreme lidagamula kuti ufuluwu ndi wa munthu aliyense payekha, makamaka podziteteza panyumba. Mu 2022, pa mlandu wa Bruen, khotilo lidaonjezera kuti ufuluwu umafikanso kunja kwa nyumba.

Bungwe la Small Arms Survey la ku Geneva lidayerekeza kuti mu 2017 anthu wamba ku America adali ndi mfuti pafupifupi 393 miliyoni, kutanthauza mfuti 120 pa anthu 100 alionse. Komabe mfutizi sizili m'nyumba iliyonse. Kafukufuku wa bungwe la Pew Research Center wa 2023 adapeza kuti akuluakulu 32 mwa 100 alionse ndiwo ali ndi mfuti yawoyawo. Kumadera akumidzi chiwerengerocho chimakwera kufika 47, pomwe m'mizinda ikuluikulu chimatsika kufika 20. Eni mfuti 72 mwa 100 adati chifukwa chachikulu chomwe amasungira chidacho ndi kudziteteza.

Kumidziko, komwe polisi imatha kukhala mtunda wautali, mfuti imaonedwa ngati chipangizo cha pakhomo komanso chuma chosiyirana. Mfuti ya agogo imapita kwa mdzukulu pamodzi ndi nkhani za uzimba. M'chigawo cha Pennsylvania, sukulu zambiri zakumidzi zakhala zikutseka Lolemba lotsatira chikondwerero cha Thanksgiving chifukwa ana ndi aphunzitsi omwe amakhala ali kutchire kosaka agwape. Kuyambira 1937, msonkho wapadera wa pa mfuti ndi zipolopolo umapita ku ntchito yosamalira nyama zakutchire, ndipo alenje amanyadira kuti ndalama zawo ndizo zimasunga nkhalango.

N'chifukwa chake anthu a m'matauniwa amakwiya akamva a m'mizinda akunena za chionetsero chawo ngati phanga la zigawenga. Iwo amati mwana wophunzitsidwa msanga kulemekeza mfuti ndiye saiseweretsa. M'mera mpoyamba.

Matebulo awiri, malamulo awiri

Vuto lomwe andale amakanganirana lidabadwa ndi lamulo la 1986 lotchedwa Firearm Owners Protection Act. Lamuloli lidalola eni sitolo za mfuti okhala ndi ziphaso za boma kuti azikagulitsa pazionetsero, ndipo zionetserozo zidachuluka. Lipoti la boma la 1999 lidati zidali zikuchitika zoposa 4,000 pachaka. Lamulo lomwelo lidanenanso kuti munthu wogulitsa mfuti zake mwa apo ndi apo, kapena wotsitsa zina mwa zomwe adasonkhanitsa, safunika chiphaso.

Mu 1993 kudabwera lamulo la Brady, lomwe limakakamiza wogulitsa wachiphaso kufufuza mbiri ya wogula. Kuyambira November 1998, kufufuzaku kumachitika kudzera pa makina a bungwe la FBI. Wogula amalemba fomu ndi kuonetsa chitupa, ndipo pakangopita mphindi zochepa wogulitsa amauzidwa ngati munthuyo ndi wololedwa. Oletsedwa ndi monga omwe adapezeka olakwa pa milandu ikuluikulu kapena pa nkhanza za m'banja. Wogulitsa wachiphaso saloledwanso kugulitsa mfuti ya m'manja kwa wosakwana zaka 21, kapena yaitali kwa wosakwana zaka 18.

Udindowu sukhudza wogulitsa wamba. Zotsatira zake n'zakuti m'holo imodzi mumatha kukhala matebulo awiri oyandikana, mfuti zake zofanana, koma pa lina wogula amafufuzidwa pomwe pa linalo amangopereka ndalama n'kunyamuka. Lamulo la boma lalikulu limangoletsa wogulitsa wamba kupereka mfuti kwa munthu yemwe akudziwa, kapena ali ndi chifukwa choganizira, kuti ndi woletsedwa. Wosafunsa sadziwa kanthu, choncho samangidwa. Lipoti la 1999 lija lidati pa ogulitsa a pazionetsero, kuyambira kotala mpaka theka adali opanda ziphaso.

Dziko lonse lidauona mpata umenewu pa 20 April 1999, pomwe anyamata awiri adapha ophunzira 12 ndi mphunzitsi mmodzi pasukulu ya sekondale ya Columbine m'chigawo cha Colorado. Mfuti zitatu mwa zinayi zomwe adagwiritsa ntchito zidagulidwa pachionetsero cha Tanner, kufupi ndi mzinda wa Denver, kwa ogulitsa wamba. Adawagulira ndi mnzawo wa zaka 18 chifukwa iwo adali asadakwane zakazo. Pambuyo pake mtsikanayo adauza aphungu a chigawocho kuti sakadagula akadafunsidwa kulemba dzina lake kuti afufuzidwe.

Patangotha mwezi umodzi, nyumba ya Senate idavomereza bilu yotseka mpatawu ndi mavoti 51 kwa 50, ndipo voti yothetsa mkangano idali ya wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Al Gore. Biluyo idafera m'nyumba inayo ya aphungu. Mu April 2013, patatha miyezi inayi ana 20 ndi akuluakulu asanu ndi mmodzi ataphedwa pasukulu ya pulayimale ya Sandy Hook ku Connecticut, maseneta Joe Manchin ndi Pat Toomey adayesanso. Adapeza mavoti 54 pomwe pankafunika 60.

Zinthu zidasunthako mu June 2022, ana 19 ndi aphunzitsi awiri ataphedwa m'tauni ya Uvalde ku Texas. Mtsogoleri Joe Biden adasainira lamulo lomwe lidakulitsa tanthauzo la munthu wochita malonda a mfuti, ndipo mu 2024 nthambi ya boma yoona za mfuti ya ATF idatulutsa ndondomeko yofuna kuti ogulitsa ambiri a pazionetsero ndi pa intaneti atenge ziphaso. Khoti lina ku Texas lidaimitsa ndondomekoyo m'zigawo zingapo. Mu February 2025, mtsogoleri Donald Trump adalamula kuti ndondomeko zokhudza mfuti zomwe zidakhazikitsidwa mu ulamuliro wa Biden ziunikidwenso.

Poona kuti ku Washington nkhani ikungopita m'mbuyo ndi m'tsogolo, zigawo zina mwa 50 za dzikolo, zomwe chilichonse chili ndi boma ndi malamulo ake, zidadzipangira njira. Anthu a ku Colorado ndi Oregon adavota mu November 2000 kuti aliyense wogula pachionetsero azifufuzidwa. Lero zigawo pafupifupi 20 zimafuna kufufuza ngakhale pa malonda a anthu wamba, ndipo California idafika poletsa kugulitsa mfuti pamalo a boma la chigawocho. Koma m'zigawo zambiri zakumwera ndi zapakati, komwe zionetsero za m'matauni aang'ono n'zochuluka, matebulo awiri aja akadali momwemo.

Zomwe ziwerengero zikunena

Kodi zigawenga zimagula mfuti kuzionetserozi? Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni wogwira. Nthambi ya ziwerengero ya unduna wa zachilungamo idafunsa akaidi mu 2016 komwe adapeza mfuti zomwe adali nazo popalamula. Osakwana mmodzi mwa 100 alionse ndiwo adatchula chionetsero. Okwana 43 mwa 100 adati adazipeza mumsewu kapena pamsika wachinsinsi, ndipo 25 mwa 100 adazipeza kwa achibale, anzawo kapena ngati mphatso. Oikira kumbuyo zionetsero amagwira mfundo imeneyi mwamphamvu.

Otsutsa amayankha kuti mfuti ya mumsewu nayo idachokera kwinakwake. Lipoti la ATF la m'chaka cha 2000 lidapeza kuti zionetsero ndi misika yofanana nazo zidakhudzidwa pa milandu pafupifupi 14 mwa 100 ya kuzembetsa mfuti yomwe nthambiyo idafufuza, ndipo mfuti zake zidali pafupifupi 26,000. Munthu mmodzi akhoza kugula mfuti zambiri popanda kulemba dzina, n'kukazigulitsa mumzinda wa malamulo okhwima.

Komabe mkangano wonsewu umayang'ana chigawenga chachilendo. Ziwerengero za imfa zikuloza kwina. Malinga ndi bungwe la boma loona za matenda la CDC, anthu 48,830 adafa ndi mfuti ku America mu 2021, ndipo mu 2023 adali pafupifupi 46,700. Mwa omwe adafa mu 2023, oposa 27,000 adadzipha okha, kutanthauza pafupifupi 58 mwa 100 alionse. Zigawo zomwe zili patsogolo pa kudzipha, monga Wyoming, Montana ndi Alaska, ndi zakumidzi ndipo n'zomwenso nyumba zambiri zili ndi mfuti.

Madokotala amafotokoza mgwirizanowu mosavuta. Maganizo ofuna kudzipha nthawi zambiri amabwera mwadzidzidzi ndipo amatha kudutsa. Ambiri omwe amayesa njira zina amapulumuka n'kupitiriza moyo, koma mwa anthu 10 omwe amagwiritsa ntchito mfuti, pafupifupi asanu ndi anayi amafa. Mnyamata yemwe wakanidwa ndi bwenzi kapena mlimi yemwe ngongole yamufika pakhosi sapeza mpata woganizanso ngati chida chili m'kabati ya kuchipinda.

Kuyambira 2020, mfuti zidaposa ngozi zapamsewu n'kukhala chifukwa chachikulu cha imfa pakati pa ana ndi achinyamata a zaka zoyambira chimodzi mpaka 19. Kafukufuku wa m'dziko lonse wa 2021 adayerekeza kuti ana 4.6 miliyoni amakhala m'nyumba momwe muli mfuti yodzaza zipolopolo komanso yosakhomera. Nthambi ya Secret Service, itaunika ziwembu za m'sukulu mu lipoti lake la 2019, idapeza kuti mwa ophunzira omwe adagwiritsa ntchito mfuti, 76 mwa 100 adaitenga kunyumba kwa makolo kapena wachibale wapafupi. Kufufuza mbiri ya wogula sikungagwire mfuti zoterezi, pakuti wogulayo amakhala bambo kapena mayi wopanda mlandu uliwonse.

Mwana pafupi ndi mfuti

Ngozi za ana pachionetsero penipeni sizichitikachitika, koma tsoka silinunkha. Mu October 2008, m'tauni ya Westfield ku Massachusetts, mnyamata wa zaka zisanu ndi zitatu adapita ndi bambo ake kuchionetsero komwe alendo ankaloledwa kuwomba mfuti zachiwaya. Adapatsidwa mfuti ya Micro Uzi. Mfutiyo idamugonjetsa mphamvu, idadumphira m'mwamba ndipo chipolopolo chidamulasa m'mutu bambo ake, omwe ndi dokotala, akujambula kanema. Yemwe ankayang'anira mwanayo pa nthawiyo adali mnyamata wa zaka 15. Mkulu wa polisi wa tauni ina, yemwe kampani yake idakonza nawo chionetserocho, adazengedwa mlandu koma mu January 2011 khoti lidamupeza wosalakwa.

Zambiri zimachitikira kunyumba. Makampani ena amapanga mfuti zazing'ono zoyenera msinkhu wa ana, zina zopaka utoto wapinki kapena wabuluu, ndipo makolo ndiwo amawagulira. Mu April 2013, kufupi ndi tauni ya Burkesville ku Kentucky, mnyamata wa zaka zisanu adawombera ndi kupha mlongo wake wa zaka ziwiri ndi mfuti ya mtundu wa Crickett yomwe adalandira ngati mphatso. Mfutiyo idali itaimikidwa pakona m'nyumba, ndipo akuluakulu sadadziwe kuti mudatsala chipolopolo.

Bungwe la eni mfuti la NRA lakhala ndi pologalamu ya ana ya Eddie Eagle kuyambira 1988. Imaphunzitsa mwana kuti akaona mfuti asaigwire, achokepo ndipo akauze wamkulu. Madokotala a ana amati malangizowa ndi abwino koma osakwanira, chifukwa chidwi cha mwana chimaposa zomwe adaloweza pamtima. Iwo amalimbikitsa kuti mfuti izisungidwa yopanda zipolopolo, yokhomera, ndipo zipolopolo zizikhomeredwa kwina.

Apa mpomwe pali kusamvana kwenikweni. Munthu yemwe wagula mfuti kuti adziteteze amafuna ikhale pafupi ndi bedi, yodzaza kale, kuti mbava ikathyola chitseko asayambe kufunafuna makiyi. Kasungidwe komwe kamamupatsa mtendere wa mumtima ndi komwenso kamaika chidacho m'manja mwa mwana wake. Boma lalikulu lilibe lamulo lolamula kasungidwe ka mfuti m'nyumba. Lamulo la 2005 limangofuna kuti wogulitsa wachiphaso apereke loko pamodzi ndi mfuti ya m'manja, osati kuti wogula aigwiritse ntchito, ndipo wogulitsa wamba pachionetsero sakhudzidwa nalo.

Makhoti atembenukira kwa makolo

Kusintha kwakukulu kwa zaka zaposachedwa kwachokera m'khoti la m'chigawo cha Michigan. Pa 26 November 2021, James Crumbley adapita kusitolo ndi mwana wake wa zaka 15 n'kugula mfuti ya m'manja ya SIG Sauer, yomwe mwanayo adaitenga ngati mphatso yake ya Khirisimasi. Tsiku lotsatira mayi ake, Jennifer, adapita naye kumalo ophunzirira kuwombera. Pa 30 November m'mawa, makolowo adaitanidwa kusukulu ya sekondale ya Oxford chifukwa mwanayo adajambula mfuti ndi munthu wokha magazi papepala la masamu. Iwo sadamutengere kunyumba, ndipo sadauze aphunzitsi za mfuti yatsopanoyo. Masana a tsiku lomwelo mnyamatayo adaitulutsa m'chikwama n'kupha ophunzira anzake anayi.

Mu 2024, mayi ndi bambowo adapezeka olakwa pa mlandu wopha anthu mosafuna chifukwa cha kusasamala, ndipo aliyense adalamulidwa kukakhala kundende zaka 10 mpaka 15. Aka kadali koyamba ku America kuti makolo amangidwe pa chiwembu cha pasukulu chomwe adachita mwana wawo. Akale adati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, ndipo khoti la ku Michigan lidasandutsa mwambiwu kukhala chigamulo. Mfuti ya a Crumbley idagulidwa mwalamulo, kwa wogulitsa wachiphaso, wogula atafufuzidwa. Palibe bilu iliyonse yokhudza zionetsero yomwe ikadaigwira.

Kuyambira February 2024, Michigan ili ndi lamulo lokakamiza eni mfuti kuzikhomera ngati panyumba pali ana. Zigawo pafupifupi theka zili ndi malamulo a mtunduwu, ngakhale mphamvu zake zimasiyana. Bungwe lofufuza la RAND, lomwe lakhala likuunika kafukufuku wokhudza malamulo osiyanasiyana a mfuti, lidapeza kuti malamulo oletsa kusiya mfuti pofikira ana ali m'gulu la omwe ali ndi umboni wamphamvu kwambiri: amachepetsa kudzipha ndi kuvulala mwangozi pakati pa achinyamata.

Komwe mbali ziwiri zingakumane

Nkhani ya kasungidwe ili ndi mwayi womwe nkhani ya kufufuza ogula ilibe. Eni mfuti ena amakana kufufuza kwa aliyense poopa kuti boma lidzakhala ndi kaundula wa mfuti zonse, chinthu chomwe lamulo la 1986 lidaletsa, n'kudzazilanda tsiku lina. Loko ndi bokosi lachitsulo sizifuna dzina la munthu m'kaundula.

Zitsanzo zilipo kale. Ku New Hampshire, mu 2009, anthu atatu adadzipha m'masiku ochepa ndi mfuti zomwe adangogula kumene m'sitolo imodzi. Izi zidachititsa eni sitolo za mfuti ndi akatswiri a zaumoyo kuyamba ntchito yotchedwa Gun Shop Project, yophunzitsa ogulitsa kuzindikira kasitomala yemwe ali pamavuto ndi kulangiza mabanja kuti achotse kaye mfuti panyumba wina akasokonezeka maganizo. Ntchitoyi idafalikira kuzigawo zambiri. Mphamvu yake ili poti uthenga umachokera kwa munthu yemwe mwini mfuti amamukhulupirira, osati kwa wandale wa ku Washington.

Pa chifukwa chomwechi, chionetsero cha m'tauni yaing'ono chikhoza kukhala malo abwino ofikira mabanja omwe nkhaniyi ikuwakhudza kwambiri. Ndi pomwe bambo, mayi ndi ana amapezeka pamodzi pa tsiku lomwe akusankha chida, ndipo mabokosi okhomera amagulitsidwa m'holo momwemo. Mabokosi amakono amatseguka ndi chala cha mwini m'kanthawi kochepa, zomwe zimayankha nkhawa ya yemwe akuopa mbava usiku.

Mpata wa ogulitsa wamba ukhalapobe mpaka nyumba ya Senate idzapeze mavoti 60, ndipo padakali pano palibe chizindikiro choti mavotiwo ali pafupi. Khoti la Supreme nalo lachepetsa zomwe zigawo zingaletse. Zomwe zikusintha mofulumira ndi malamulo a kasungidwe m'zigawo komanso kulimba mtima kwa oimira boma pa milandu. Mu September 2024, ophunzira awiri ndi aphunzitsi awiri ataphedwa pasukulu ya Apalachee ku Georgia, apolisi adamanga bambo a mnyamata wa zaka 14 yemwe ankaganiziridwa za chiwembucho patangopita tsiku limodzi, pomuganizira kuti ndiye adapatsa mwanayo mfuti. Georgia ndi chigawo chomwe malamulo ake a mfuti ndi ofewa, ndipo kumangidwako kudaonetsa kuti zomwe zidayambira ku Michigan zafika ngakhale kumadera komwe ufulu wa mfuti umatetezedwa kwambiri.